Dziko lopeka lisungidwe pati? Tiyankha makalata anu

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Chitakale. Akulemba buku la mudzi wopeka umene uli kuseri kwa phiri la Sapitwa, kumene mizimu imaphikira apaulendo chakudya. Vuto ndi loti anthu a m'nkhaniyo achuluka. Nkhalamba ina inamwalira m'mutu 3, koma m'mutu 9 yapezeka ikupalira chinangwa. Akufuna pulogalamu yowathandiza, ndipo ali ndi foni ya Android basi.

Mlangizi: Aphunzitsi, nkhalambayo mwina ndi mzimu, poti nkhani yake ndi ya paphiri! Koma ngati yadzuka chifukwa cha kuiwala, ikani Obsidian m'foni mwanumo. Ndi yaulere, imagwira ntchito ngakhale bandulo itatha, ndipo zolemba zanu zimakhala m'foni momwemo ngati mafayilo wamba. Munthu aliyense mumpatse tsamba lake, mudzi tsamba lake, dziwe ndi kachisi chimodzimodzi. Mukalemba dzina m'kati mwa mabulaketi awiri, masambawo amalumikizana, ndiye mukatsekula tsamba la nkhalamba ija muona paliponse pamene mwaitchula.

Chimodzi chokha musamale. Kuno kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, mwana amawerengedwa kuchikazi. Patsamba la munthu aliyense yambani ndi amayi ake, atsibweni ake, mwinimbumba, ndiponso kumene anapita chikamwini. Mukangolemba "mwana wa bambo uje", tsiku lolowa ufumu m'nkhani yanu mudzaveka munthu wolakwika, ndipo owerenga a kwa Mabuka sadzakukhululukirani.

Wowulutsa: Mnyamata wa Fomu 3 ku Muloza akuti waona pa YouTube anthu akutama World Anvil ndi Scrivener. Akuti popanda zimenezi angathe kulemba?

Mlangizi: Achimwene, Scrivener ndi yabwino, koma ndi yogula ndi ndalama zakunja, komanso pa Android palibe. Imafuna kompyuta kapena iPhone. World Anvil ndi ya pa intaneti, netiweki ikathawa kumalireko ndiye kuti dziko lanu lathawa nayo. Ilinso ndi mabokosi ambirimbiri oti mudzaze, za zipembedzo, za ndalama, za nyengo, za magulu ankhondo. Munthu akhoza kutha chaka akudzaza mabokosi, nkhani osaiyamba. Ine ndaona achinyamata okhala ndi mapu okongola ndi mayina a mafumu mibadwo khumi, koma ukawapempha tsamba limodzi loti uwerenge amangokanda kumutu.

Steve Chimombo anatenga Napolo, yemwe akuluakulu amati akamasamuka paphiri amagumula miyala ndi madzi, n'kumangapo ndakatulo zimene zinatuluka m'buku mu 1987, nthawi imene mapulogalamuwa kunalibe. Shadreck Chikoti, m'buku lake la Azotus the Kingdom, anaika nkhani m'Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Inu muli ndi phiri lotalika mamita 3,002, mkungudza, mtsinje wa Ruo, minda ya tiyi, ndi malire amene anthu amawoloka tsiku ndi tsiku akusintha chilankhulo ndi ndalama. Gulani kope la masamba ambiri, muligawe patatu: anthu, malo, ndi malamulo a dziko lanu. Ngati mwanena kuti wodya chakudya cha mizimu asaitane mnzake, lembani lamulolo ndipo musaliphwanye. Pulogalamu mudzaifune kope likadzayamba kukucheperani.

Wowulutsa: Yomaliza ndi ya mayi ena a ku Likhubula. Makope awo onse anakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ayambiranso, tsopano pafoni, koma akuopa kuti foni ikhoza kubedwa, komanso akuopa kuika pa intaneti kuti ena angawabere nkhani.

Mlangizi: Pepani amayi, ndipo mwachita bwino kuyambiranso. Chinthu chikhale malo atatu. M'foni, pa memori khadi imene mukasunge kwa m'bale wa mudzi wina, komanso pa Google Drive kapena pa imelo yanu. Mawu okhaokha salemera, buku lonse silingafike kukula kwa kanema mmodzi wa pa WhatsApp, choncho musadandaule za bandulo. Sankhani tsiku, kaya Loweruka lililonse, muzidzitumizira. Za makope amene mukulembabe pamanja, jambulani tsamba lililonse.

Zimene mwaika pa Drive sizioneka kwa wina pokhapokha mutamutsekulira kapena mutampatsa pasiwedi. Kumene nkhani zimabedwa kwenikweni ndi m'magulu a WhatsApp, ndiye buku losatha musalimwaze kumeneko. Likadzatha, kafunseni ku COSOMA za umwini wake, ndipo a Malawi Writers Union angakulumikizeni ndi olemba anzanu.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Amene makalata anu sitinawawerenge musataye mtima, ndipo polemba muzitchula foni kapena kompyuta imene muli nayo kuti yankho likuyenereni.