Kugona Motchipa ku Dar es Salaam: Malangizo kwa Woyenda Ulendo Woyamba

Chaka ndi chaka Amalawi ambiri amawoloka mtsinje wa Songwe kulowera ku Dar es Salaam, mzinda waukulu wa Tanzania umene uli m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ena amakaoda katundu ku Kariakoo, ena amakatenga galimoto zimene aitanitsa kunja kudzera padoko, pamene ena amangofuna kuona nyanjayo asanawolokere ku Zanzibar. Ambiri mwa anthu amenewa za malo ogona amaziganizira pomalizira. Chipinda amachisaka atafika kale, kunja kutada, thupi litatopa, chikwama chili pamutu. Munthu wotero sasankha, amangolandira chimene wapatsidwa.

M'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja, chipinda chotchipa chimatha kukudyerani ndalama zambiri kuposa chodula. Mukagona kutali ndi kumene mwadzera, ndalama imathera pa mayendedwe. Mukagona m'chipinda chopanda mpweya, tsiku lotsatira mumagwira ntchito mutu ukuwawa. Malangizo ali m'munsiwa akuthandizani kupeza malo amene thumba lanu lingakwanitse, komanso amene mungagonemo mtima uli m'malo.

1. Yambani ndi chimene mwadzera, osati ndi mtengo

Dar es Salaam ndi mzinda wotambalala, ndipo misewu yake imadzaza galimoto m'mawa ndi madzulo mpaka kayendedwe kuima. Choncho funso loyamba ndi lakuti: ntchito yanga ili dera liti?

Ngati mwabwera kudzaoda nsalu, nsapato, ziwiya kapena zipangizo za mafoni, gonani mu Kariakoo momwemo kapena ku Ilala, kumene mungathe kuyenda wapansi kupita kumasitolo ndi kubwerera ndi katundu. Ngati mwabwerera galimoto, yang'anani malo a mbali ya Kurasini, pafupi ndi doko, kapena pakati pa mzinda chakumene amatcha Posta ndi Kisutu, kumene kuli mabanki ndi maofesi ambiri. Ngati mwabwera kudzapuma, madera a Sinza ndi Kinondoni ali ndi malo ogona ambiri a mitengo yofikirika, ndipo kulibe piringupiringu ngati wa ku Kariakoo. Mahotela a ku Oyster Bay ndi Masaki ali pafupi ndi gombe, koma mitengo yake si ya munthu amene akuwerengera mpamba wa geni.

2. Onani nyengo ndi kalendala

Kutentha kwa ku Dar kumabwera ndi chinyezi, moti thukuta siliuma pathupi ngakhale usiku. Kumatentha kwambiri kuyambira mu December mpaka mu February. Mvula yaikulu imagwa kuyambira mu March mpaka mu May, ndipo nthawi imeneyi mtsinje wa Msimbazi umasefukira ku Jangwani mpaka kutseka msewu wa Morogoro, womwe ndi msewu waukulu wolowera mumzinda. Nyengo yabwino kwa mlendo ndi ya June mpaka August, pamene kumazizirirako.

Kumbukiraninso kuti kumapeto kwa June ndi kumayambiriro kwa July kumachitika chionetsero chachikulu cha zamalonda chotchedwa Saba Saba, ndipo alendo amachuluka. Chimodzimodzinso nyengo ya Khirisimasi ndi ya Eid isanafike, ogula amadzaza mu Kariakoo. Mukamapita nthawi zimenezi, sungitsani chipinda musananyamuke.

3. Sungitsani usiku umodzi wokha

Funsani anzanu amene amayenda ulendowu kawirikawiri, makamaka amayi a geni ndi madalaivala, pakuti iwowa amadziwa malo amene asintha eni ake, amene madzi anasiya kutuluka, ndi amene mlonda wake ndi wodalirika. Safunsa anadya phula. Mukapeza dzina la hotela, imbani foni kapena lembani pa WhatsApp, ndipo pemphani kuti akulembereni mtengo, dzina la msewu ndi chizindikiro chodziwika chimene chili pafupi.

Ngati mukuyang'ana pa intaneti, werengani zimene alendo alemba miyezi yaposachedwapa, osati zithunzi zokha. Zithunzi zimajambulidwa tsiku limene nyumba yapakidwa penti. Ndipo musalipiriretu masiku onse. Lonjezani usiku umodzi. Mukagona bwino, mawa mudzawonjezera, ndipo apo mudzakhala ndi mpata wopempha kuti akutsitsireni mtengo chifukwa mukhalitsa.

4. Konzekerani kafikidwe kanu

Mmalawi salipira viza polowa m'Tanzania ngati mlendo, koma pasipoti yanu idindidwe pachipata cha Songwe ndi Kasumulu, ndipo muwerenge masiku amene mwapatsidwa. Mukawoloka, sunthani wotchi yanu ndi ola limodzi kutsogolo, chifukwa ku Malawi ikamakhala 8 koloko, ku Tanzania imakhala 9 koloko.

Mukachoka pachipata mumalowera ku Mbeya, ndipo kuchokera kumeneko kukafika ku Dar ndi mtunda wa makilomita oposa 800, kudzera ku Iringa, Mikumi, Morogoro ndi Chalinze. Mabasi ochokera kutali amathera pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, imene inatsegulidwa mu 2021 kulowa m'malo mwa depoti yakale ya Ubungo, ndipo ili kunja kwa mzinda. Funsani kondakitala kumene basi yanu ikathere komanso nthawi yake. Mukafika pakati pa usiku, ndi bwino kugona pa malo ogona a pafupi ndi depotiyo n'kulowa mumzinda kutacha.

Mukangotsika mudzazingidwa ndi anyamata okuuzani kuti akudziwa hotela yabwino, ena mpaka kukuuzani kuti imene mwasungitsa inatsekedwa. Anthu amenewa amalandira kangachepe kwa eni malo, ndipo ndalamayo imachokera m'thumba mwanu. Akaneni mwaulemu. Musakwere galimoto ya munthu amene wangodzipereka kuti akuthandizeni, ngakhale alankhule Chichewa, chifukwa alendo ena aberedwa mwa njira imeneyi, kutengedwa kupita ku makina a banki kuti akatape ndalama mokakamizidwa. Itanani galimoto pa pulogalamu ya pafoni ya Bolt, kapena pemphani a hotela akutumizireni dalaivala amene amamudziwa. Masana, ngati katundu ndi wochepa, mabasi a mwendokasi amene anayamba kuyenda mu 2016 amachoka ku Kimara kukafika ku Gerezani mu Kariakoo ndi ku Kivukoni. Ali ndi njira yawoyawo, koma amadzaza kwambiri, choncho chikwama chikhale kutsogolo.

5. Onani chipinda musanatulutse ndalama

Ili ndiye gawo lofunika kuposa onse. Mwini malo woona mtima sakana kukuonetsani chipinda. Akakana, tengani chikwama chanu muzipita.

Yambani ndi mpweya. Yatsani fani muone ngati ikuzungulira mwamphamvu. Ngati mwalipirira chipinda cha makina oziziritsa, ayatseni ndipo mudikire pang'ono mumve ngati akutulutsadi mphepo yozizira. Chipinda chopanda zenera mu Dar musachilole ngakhale mtengo utsike bwanji. Funsaninso ngati ali ndi jenereta, komanso ngati imayendetsa mafani m'zipinda kapena nyali za pakhonde zokha.

Kenako udzudzu. Ku Dar kuli malungo, komanso kumabuka matenda a dengue monga zinachitikira mu 2019, ndipo udzudzu wa dengue umaluma masana. Tambasulani neti muone ngati ilibe mabowo, ndipo onani ngati mazenera ali ndi sefa yotchinga udzudzu. Tukulani nsalu yoyala, muyang'ane m'misoko ya matiresi. Timadontho takuda kapena timagazi touma ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo nsikidzi zikalowa m'mabelo a zovala zimene mwaoda, mudzafika nazo mpaka kwanu.

Lowani kubafa mutsegule mpopi ndi kugejemula chimbudzi. M'nyumba zosanja madzi amavuta kufika m'zipinda za pamwamba, choncho funsani ngati ali ndi thanki ndipo pemphani ndowa. M'malo ambiri otchipa mudzapeza madzi osati pepala la kuchimbudzi, ndiye tengani lanu pamodzi ndi sopo, thaulo ndi masilipasi.

Yesani loko wa chitseko ndi chotsekera cha mkati. Pomaliza, yendani masitepe ndi miyendo yanu mudziwe potulukira moto utabuka. Msika waukulu wa Kariakoo unapsa mu July 2021, ndipo mu November 2024 nyumba yosanja inagwa m'dera lomweli n'kupha anthu. Mukaona makoma a ming'alu ikuluikulu, kapena anthu akukumba pansi pa nyumba imene mukufuna kugonamo, kapena masitepe atatsekedwa ndi mabelo a katundu, kafuneni malo ena. Chipinda chabwino ndi cha nsanja yoyamba kapena yachiwiri, chakumbuyo kotalikirana ndi msewu: phokoso limachepa, madzi amafika, ndipo katundu simuvutika kukwera naye.

6. Gwirizanani zonse pa kauntala

Funsani ngati mtengo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati muli chakudya cha m'mawa, ndiponso ngati bafa ndi lanu lokha kapena la onse. Mudzalembedwa m'buku la alendo ndipo adzafuna kuona pasipoti. Aonetseni, koma musaisiye kumeneko. Lipirani ndipo mulandire lisiti lolembedwa tsiku ndi nambala ya chipinda.

Samalani ndi kawerengedwe ka nthawi. M'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, moti saa moja asubuhi ndi 7 koloko m'mawa. Akakuuzani kuti mutuluke m'chipinda saa nne asubuhi, akutanthauza 10 koloko m'mawa, osati 4 koloko. Pemphani kuti akulembereni nthawi papepala monga mmene imaonekera pa foni, makamaka ya basi yobwerera.

Funsaninso malamulo a panyumbapo. Mahotela ena a eni ake Achisilamu salola mowa, ndipo ena salola mwamuna ndi mkazi kugona chipinda chimodzi popanda umboni wa ukwati. Mu Kariakoo misikiti ndi yambiri ndipo kuitanira mapemphero kumayamba m'bandakucha. Amene tulo take n'topepuka adziwiretu zimenezi. Kupereka moni musanapemphe kanthu n'kofunika kwambiri kwa eni dziko: kwa wamkulu nenani shikamoo, ndipo mudzaona mmene adzakuthandizireni.

7. Sungani ndalama ndi katundu mwanzeru

Kuyambira mu 2025 malamulo a ku Tanzania amafuna kuti malonda a m'dzikomo azilipiridwa m'mashilingi, choncho sinthani ndalama ku banki kapena ku malo ovomerezeka, osati kwa anthu a m'misewu. Ndalama yapepala yaikulu ndi ya mashilingi 10,000, ndiye mpamba wa geni umakhala mpukutu woonekera. Gulani simukhadi pa sitolo ya kampani ya mafoni, mulembetse ndi pasipoti yanu, ndipo gawo lina la ndalama muike pa M-Pesa kapena Airtel Money. Zotsala muzigawe pawiri kapena patatu, ndipo musaziwerengere pa kauntala.

Jambulani pasipoti yanu ndi foni, chithunzicho mutumize kwa m'bale kumudzi pamodzi ndi dzina la hotela. Ngati hotela ili ndi chipinda chosungiramo katundu wa amalonda, lembani dzina pa belo lililonse, muwerenge pamodzi ndi wantchito, ndipo akusayinireni. Poyenda mumsewu, chikwama chikhale mbali yotalikirana ndi galimoto, pakuti olanda amadutsa pa njinga zamoto kapena pa galimoto. Akachikoka, chisiyeni chipite. Anthu avulala chifukwa chokakamira lamba. Nambala ya apolisi ndi 112. Dziwaninso kuti majumbo apulasitiki onyamulira katundu analetsedwa m'Tanzania kuyambira pa 1 June 2019, ndiye tengani thumba lansalu.

8. Idyani bwino, imwani madzi ambiri

Imwani madzi a m'botolo lomata, ndipo gulani botolo lalikulu kusitolo chifukwa pa hotela amadula. Chakudya chotchipa komanso chabwino chili kwa amayi ophika m'mphepete mwa misewu, otchedwa mama lishe: mpunga wa nyemba, pilau, ugali wa nsomba, chapati ndi tiyi. Sankhani pamene pali anthu ambiri ndipo chakudya chikuchoka pamoto. Madzulo mudzapeza chipsi mayai ndi mishkaki pafupifupi pangodya iliyonse. Dzuwa likakula, madzi a kokonati wamuwisi, amene amati madafu, amabwezeretsa mphamvu.

9. Kaoneni nyanja

Musabwerere musanaione. M'mawa pitani ku msika wa nsomba wa Kivukoni, kumene asodzi amagulitsa zimene agwira usiku, kenako mukwere boti lowolokera ku Kigamboni, komwe kuli magombe abwino. Loweruka ndi Lamlungu anthu amadzaza ku Coco Beach kukadya chinangwa chokazinga. Wofuna ku Zanzibar agule tikiti pa ofesi ya kampani ya maboti, osati kwa omuitanira panja, ndipo atenge pasipoti. Ulendowo ndi wa maola pafupifupi awiri.

Nyanja imeneyi madzi ake amaphwera ndi kudzaza kawiri pa tsiku, zimene sizichitika pa nyanja ya Malawi. Pamene mwaima pamchenga wouma, maola ochepa pambuyo pake pamakhala madzi akuya. Sambirani pamene eni dera akusambira, ndipo foni ndi ndalama musazisiye pagombe popanda woziyang'anira.

10. Tulukani mwadongosolo

Tsiku lomaliza lisanafike, lipirani zonse, tsimikizani nthawi ya basi, ndipo konzani galimoto yokutengani usiku womwewo, chifukwa mabasi ambiri a ku Mbeya ndi Kyela amanyamuka m'mamawa. Yang'anani pansi pa bedi ndi pa soketi musanapereke kiyi. Ngati anakusamalirani bwino, tengani nambala yawo ya foni. Mlendo wobwereza amapatsidwa chipinda chabwino ndi mtengo wabwino.

Hotela yotchipa yoyenera ndalama yanu ndi imene ili pafupi ndi ntchito yanu, imene muli mpweya, madzi, neti ndi loko wolimba. Zina zonse mungathe kuzipirira kwa masiku ochepa. Choncho inu amene mukukonzekera ulendo wa ku Dar, ikani padera ndalama ya malo ogona musanayambe kuwerengera ya katundu, ndipo musalipire chipinda chimene simunachione ndi maso anu.