Chitini Changa cha mu 1992

Ana anga a kuno ku Chongwe, ambiri mwa inu chilala choyamba kuchiona ndi maso anu ndi cha 2024. Mukukumbukira momwe zinalili. Tinabzala, tinathira feteleza, kenako mu January mvula inadula, thambo n'kungoti mbee milungu yambirimbiri, chimanga n'kuuma chisanabereke. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, ndipo anati mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga awonongeka. Kolera inali itachedwetsa kale kutsegulira masukulu, madzi anatsika ku Kariba, magetsi n'kumazima usana ndi usiku. Ife akuluakulu tinangoyang'anizana, poti tinaziona mu 1992, chaka chimene tinadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja.

Chaka chimenecho ine ndinali ndi matumba angapo otsala m'nkhokwe. Ndinkagulitsa m'mphepete mwa msewu wa Great East, poyezera panga chili chitini, chimene inu lero mumati meda. Usiku wina ndinatenga mwala n'kuchimenya kunsi kuti chilowe m'kati. Pa chitini chilichonse ndinkapulumutsa chimanga chodzaza manja awiri, ndipo wogula sankadziwa. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi monga mwa masiku onse, ndinkaimba, nthawi zina n'kuwerengera mpingo Mawu.

Tsiku lina kunabwera mayi wamasiye wa mumpingo mwathu. Anatenga chitinicho, anachitembenuza, anasisita kunsi kwake ndi chala. Sanakuwe, sanaitane anthu. Anangoti, "Achimwene, ana kunyumba alipo asanu." Analipira, anasenza kathumba kake n'kumapita. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi: ine sindinaganizepo zokana Mulungu. Njala siuza munthu kuti asiye kupemphera. Imangomunong'oneza kuti kumvera akuike kaye pambali, adzakutenge mvula ikabwera. Ndinkadziuza kuti Mulungu akudziwa kuti zinthu zavuta, andimvetsa. Amanena chimodzimodzi mnyamata amene wapatsidwa kulemba mayina a olandira chithandizo n'kuwonjezapo a abale ake, agogo a kuseri kwa mudzi n'kutsala. Amanena chimodzimodzi mtsikana amene kunyumba kwawo akugona ndi kapamela kamodzi ka ufa, woyendetsa thiraki yopita ku Chipata n'kumuimira ndi ndalama m'manja. Mtsikana ameneyu sindimuweruza, njala ndikuidziwa. Mlandu waukulu uli ndi bambo uja, ndiponso ndi ife a mumpingo amene sitinafunse ngati pakhomo pawo pafuka utsi. Komabe ndikukuuzani kuti chimene mwachiika pambali "kwa kanthawi" sichibwerera chokha. Ine chinanditengera misozi ndi manyazi.

Mneneri Amosi, m'chaputala 8, anadzudzula ogulitsa tirigu ochepetsa muyeso ndi kukweza mtengo. Ndinali nditawerengapo kangapo, koma ndinkaona ngati akunena amalonda akuluakulu a mumzinda, osati ine ndi kachitini kanga.

M'mawa mwake ndinawongola chitinicho, ndinatapa chimanga n'kupita nacho kwa mayi uja. Mawu opepesa anandilemera kuposa katunduyo. Tsopano mwina mukudikira kuti ndinene kuti mvula inagwa, kapena kuti nkhokwe yanga inadzazanso. Ayi. Chimanga chinatha msanga kuposa momwe chikanathera, ndipo miyezi yotsatira banja langa linkadya kamodzi patsiku. Mkazi wanga anaonda mpaka anthu kumafunsa ngati akudwala.

Ndanena zimenezi dala, chifukwa masiku ano kwachuluka okuuzani kuti mukamvera Mulungu lero, mawa akulipirani. Ena akugulitsa mafuta ndi madzi m'timabotolo, n'kumati mupereke ndalama yotsiriza ngati mbewu. Munthu amakatenga kaloba kuti akapereke kumeneko, ana ali ndi njala. Chenjerani nawo. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauza mfumu Nebukadinezara kuti Mulungu wawo akhoza kuwapulumutsa, koma ngakhale atapanda kutero, fanolo sadzaligwadira. Analowa m'ng'anjo asakudziwa mathero ake. Habakuku naye anasankha kukondwera mwa Yehova minda ilibe chakudya, makola ali mbee. Ameneyu ndiye ndimamumva bwino, chifukwa amalankhula ngati mlimi mnzanga.

Chimene ndinapeza ine n'chakuti ndinayambanso kupemphera osabisa nkhope, ndipo ndinkatha kukhala pa benchi imodzi ndi mayi uja pa Mgonero. Wina anganene kuti n'zochepa. Amene wagonapo ndi mlandu mumtima akudziwa kuti si zochepa.

Musamve ngati ndikuti pindani manja muziyang'ana kumwamba. Ku Kasisi, kumene ansembe a chiJesuit anafika mu 1905, kuli sukulu ya ulimi yomwe kuyambira 1974 yakhala ikuphunzitsa alimi ang'onoang'ono, ndipo imalimbikitsa manyowa, kuphimbira nthaka ndi kusakaniza mbewu. Pitani mukaphunzire. Bzalani mapira, khobwe ndi chinangwa pambali pa chimanga, wetani nkhuku, gwirani ganyu popanda manyazi.

Ndipo zikakuthinani, lankhulani. Ine chinandigwetsa n'chakuti ndinkaopa kuoneka wosowa, ndiye ndinasankha kuba mwakachetechete. Pitani kwa mkulu wa mpingo, kwa amayi a chigwirizano, kwa malume anu, mukanene kuti kunyumba kulibe ufa. Bwerani ngakhale kwa ine, tidzagawana chomwe chilipo. Ndipo ngati pali munthu amene munamuchepetsera muyeso m'chilala chapitachi, kaya ndi chimanga, ndalama kapena dzina pa kaundula, musadikire zokolola. Pitani kwa iye sabata ino.