Linga Lomwe Linateteza Mzinda Zaka 1,000

Kale mfumu ikamasankha malo oti pakhale likulu lake, inkayamba yadzifunsa kuti: adani akadzabwera, adzalowera kuti? M'chaka cha 330, Mfumu Constantine ya Aroma inatsegula likulu latsopano pamalo ozunguliridwa ndi madzi mbali zitatu. Mzindawo unatchedwa Constantinople. Lero ndi Istanbul, m'dziko la Turkey.

Kumadzulo kokha ndi kumene munthu akanafika wapansi. Kumeneko anamangako linga, lomwe linatha m'chaka cha 413, mu ulamuliro wa Theodosius Wachiwiri. Makolo athu ankamanga malinga a mitengo ndi dothi pothawa nkhondo. Ili linali la miyala ndi njerwa, lotalika makilomita oposa asanu, ndipo pambuyo pake analiwonjezera mpaka kukhala mizere itatu.

Tiyerekeze kuti inu ndinu msilikali wodzaukira mzindawu. Poyamba mukumana ndi ngalande yotakata mamita pafupifupi 20. Mwawoloka, mwapeza khoma lalifupi. Kuseri kwake kwaima khoma lina lalitali mamita 12, lokhala ndi nsanja 96. Nzeru yake inali apa: popeza lamkati linali lalitali, asilikali a pamwamba pake ankaponya mivi kudumphitsa anzawo a pa khoma lakunja. Inu muli pansi, makwerero ali paphewa, mivi ikuchokera pawiri. Mukati mwakwera khoma loyamba, mwagwera mumpata wopanikizika, kothawira kulibe.

Adani ochenjera sankalimbana ndi khomalo. Ankazinga mzinda n'kukhala pansi, kudikira kuti ludzu ndi njala ziwagwirire ntchito. Ndipo mzindawu unalibe mtsinje waukulu. Madzi ankabwera m'ngalande zamiyala kuchokera kumapiri akutali, zomwe mdani akanatha kudula, monga anachitira adani otchedwa a Avar m'chaka cha 626. N'chifukwa chake mafumu anakumba nkhokwe za madzi mkati mwa linga. Ina ya pansi pa nthaka, yomangidwa ndi Mfumu Justinian, denga lake lagona pa zipilala 336, ndipo alendo amakaiona mpaka lero. Tirigu ankabwera pa zombo, kwa nthawi yaitali kuchokera ku Egypt. Polowera padoko ankakokapo unyolo waukulu wachitsulo kuti zombo za adani zisadutse. Kawirikawiri oyamba kufooka anali ozingawo, chifukwa chakudya chinkawathera ndipo matenda ankabuka m'misasa mwawo.

M'chaka cha 1204 mzindawu unalandidwa ndi asilikali a ku Ulaya, Akhristu ngati eni mzindawo. Koma iwo analowera kugombe, kumene khoma linali limodzi. Linga la kumtunda sanalithyole.

Chinasintha zonse ndi wonga. Mu April 1453, Sultan Mehmed Wachiwiri wa Aturuki, mnyamata wa zaka 21, anafika ndi mizinga ikuluikulu. Waukulu kwambiri anausula mmisiri wina dzina lake Orban. Unkalavula mwala wolemera kuposa matumba angapo a chimanga, ngakhale unkatentha msanga moti unkaomba kangapo kokha patsiku. Masana khoma likagumuka, usiku anthu a mumzinda ankatseka mpatawo ndi dothi, mitengo ndi migolo. Oteteza anali ochepa, mwina 7,000 okha, pa linga lalitali chotero. Unyolo wa padoko uja Mehmed sanaudule: anakoka zombo zake pamtunda, pa mitengo yopaka mafuta, n'kuzitsitsira kuseri kwake.

Patatha masiku 53, pa 29 May, Aturuki analowa, ndipo Mehmed anasandutsa mzindawo likulu lake. Zigawo zambiri za linga zikadalipo. M'ngalande muja munkafera asilikali, alimi ena a ku Istanbul amadzalamo ndiwo zamasamba.