Pampu yanga imazima yokha, kodi yawonongeka?

FUNSO: Ndine mlimi wa ku Chipangali. Okutobala akafika, pampu yanga ya sola imazima yokha, kanyali kofiira n'kuyaka, pakapita nthawi n'kuyambanso. Kodi yawonongeka?

YANKHO: Bambo, mtima m'malo, pampuyo ikudziteteza. Akatswiri opanga maloboti amagawa ntchito ya makina m'magawo ochepa odziwika bwino. Mapampu ambiri a sola nawonso amapangidwa chonchi, ndipo ali ndi magawo anayi: kudikira dzuwa, kupopa, kuima thanki ikadzaza, ndi kuima pakagwa vuto. Pampu imakhala m'gawo limodzi pa nthawi imodzi, ndipo chimene chimaichotsa m'gawo lina kupita m'linzake n'chodziwika. Motero vuto silivuta kupeza.

M'chilimwe madzi amatsika m'chitsime. Kachipangizo kokhudza madzi kamene kali m'chitsimemo kakauma, pampu imaima, chifukwa kuzungulira popanda madzi kumapsereza mota. Madzi akabwerera, imayambanso.

Loboti ya NASA yotchedwa Curiosity inachitanso zotere ku Mars mu 2013. Kompyuta yake itavuta, akatswiri anaisamutsira ku kompyuta yachiwiri, inaima kaye, kenako inapitiriza ntchito.

Chonde musadule waya wa kachipangizoko. Kanyali kakamayakabe madzi alimo, itanani mmisiri wa ku Chipata adzaone.