Phunziro: Kutchinga dzuwa pofuna kuziziritsa dziko

Cholinga: Pomaliza phunziroli, mlimi aliyense athe kufotokoza njira ya kutchinga dzuwa, kuopsa kwake pa mvula, ndi maganizo ake pa funso lakuti woyenera kuvomereza ndani.

Kodi njirayi ndi yotani?

Dziko likutentha chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta a galimoto ndi mafakitale, komanso kutha kwa mitengo. Mpweya wa kaboni wochokera m'zimenezi umasunga kutentha ngati bulangete. Poona kuti mayiko olemera akuchedwa kuchepetsa utsiwo, asayansi ena akuti ndege zizikamwaza fumbi la salufa m'mwamba, pafupifupi makilomita 20 kuchokera pansi, kuti lizibweza kuwala kwina kwa dzuwa.

Nzeruyi anaitengera ku phiri la Pinatubo ku Philippines, lomwe linaphulika mu Juni 1991 n'kulavula salufa wolemera matani pakati pa 15 ndi 20 miliyoni. Chaka chotsatira dziko linazizirako ndi pafupifupi theka la digiri. Choncho kuzizira kumatheka ndithu. Koma asayansi anapezanso kuti mvula yogwa pamtunda inachepa. Akuluakulu m'gulu muno akukumbukira chilala cha 1992. Tisafulumire kuloza chala phirilo, poti chinalinso chaka cha El Niño, koma njala yake ikutikumbutsa zimene zimachitika mvula ikangochepa.

Musasokoneze njirayi ndi ija ya ku Zimbabwe, komwe boma limatumiza ndege kukathira mankhwala m'mitambo kuti mvula igwe. Imeneyo imakhudza dera lochepa, ndipo imafuna kuti mitambo ikhalepo kale.

Mlengalenga mulibe munda woyeserera

M'sukulu yathu, mbewu yatsopano sitidzala munda wonse. Timaidzala pa mizere yochepa, pambali pake n'kudzala yomwe tinazolowera. Timayendera sabata ndi sabata, kuyeza, kulemba, kenako gulu lonse limagamula. Ikakanika, tataya mizere khumi basi.

Fumbi la salufa silingayesedwe choncho. Likangomwazidwa lokwanira kuziziritsa dziko, mphepo imalifalitsa kutali, osaona malire a mayiko. Palibe dziko lachiwiri pambali loti tifanizire. Mvula ikachedwa ku Lisungwi chaka chimenecho, palibe angatsimikize mosavuta ngati ndi fumbilo kapena ndi ng'amba wamba, ndiye mlimi akadandaula kwa yani?

Taganizirani za Neno yemweyu. Kumtunda kwa T/A Dambe n'kozizira, amalima mbatatesi ndi tirigu. Kumunsi kwa T/A Symon n'kotentha, mvula ndi yoperewera. Boma limodzi, zofuna ziwiri. Nanga wokhazikitsa mlingo umodzi wa kutentha kwa dziko lonse adzakomera ndani? Ine ndikuona kuti adzayamba waganizira minda ya kwawo.

Vuto lina n'lakuti fumbili silichotsa kaboni. Zili ngati kumwa Panado uli ndi malungo: thupi lizizira, tizilombo tili momwemo. Fumbi limagwa pansi pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, pomwe kaboni amakhala m'mwamba zaka mazana. Ndege zikadzaleka kuuluka chifukwa cha nkhondo kapena kutha kwa ndalama, kutentha konse kobisika kudzabwerera m'zaka zochepa, mofulumira koti mbewu ndi ziweto sizingazolowere.

Ochirikiza njirayi nawo ali ndi mfundo, tisawapeputse. Amati osauka ndi amene akuvutika kale, ndipo n'zoona: namondwe wa Freddy anatipweteka mu Malichi 2023, ndipo mu Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Amati kukana ngakhale kafukufuku n'kutaya chida chimene tingadzachifune. Oopa amayankha kuti owononga akapeza mthunzi, changu chochepetsa utsi chidzatha.

Zimene zachitika kale

Mu 2022 kampani ya ku America yotchedwa Make Sunsets inaulutsa mabaluni a salufa ku Mexico osapempha chilolezo. Mu Januwale 2023 boma la Mexico linalengeza kuti liletsa mchitidwewu. Mu Ogasiti chaka chomwecho, nduna zoona zachilengedwe za mayiko a mu Africa zinakumana ku Addis Ababa n'kupempha mgwirizano wa dziko lonse woti njirayi isagwiritsidwe ntchito.

Ntchito ya m'magulu (mphindi 30)

Gawanani magulu a anthu asanu. Yerekezani kuti mlimi wakumtunda kwa mtsinje wa Lisungwi wapatutsa madzi osauza eni madimba akumunsi, ndipo akuti wachita izi pothandiza mudzi wonse. Mlanduwu mungauweruze bwanji? Anayenera kufunsa ndani, ndipo mbewu za anzake zikauma alipire ndani? Kenako ikani kampani ya mabaluni ija m'malo mwa mlimiyo, muone ngati chigamulo chanu chisintha.

Gulu lililonse lisankhe mlembi wodzafotokozera anzathu. Sabata yamawa mubwere ndi kope lolembamo mvula, tidzafanizire chinyezi cha pa mizere yophimbira ndi ya pamtetete.