Vidiyo ya Kulamba musaifinye kawiri

Ojambula maukwati, makwaya ndi magule ku Vubwi amafulumira kunyoza foni vidiyo ikatuluka ya mawangamawanga. Kawirikawiri foniyo ilibe mlandu. Fayilo ya MP4 imachoka mu foni itafinyidwa kale, nthawi zambiri ndi H.264, njira imene imataya tinthu tina kuti fayilo ichepe. CapCut, KineMaster kapena Premiere Pro ikamachita export imamasula vidiyoyo n'kuifinyanso, ndipo ulendo uliwonse kumatayika zina. Poipa kwambiri ndi pamene pali fumbi ndi liwiro. Jambulani Gule Wamkulu pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, muchite export katatu, muona nthenga zikusanduka timabokosi.

Zoyambira n'zodziwika. Koperani fayilo ndi chingwe, osadzitumizira pa WhatsApp, ndipo yoyambayo muisunge padera.

Pamene ambiri amagwa ndi apa. Ngati ntchito ndi kudula chabe, monga kuchotsa mawu otalika a ankhoswe kapena kulumikiza zidutswa za foni imodzi, musatsegule n'komwe pulogalamu ya editing. Tengani LosslessCut kapena Avidemux pa laputopu, zonse ndi zaulere. Mu Avidemux, pa Video Output ndi Audio Output siyani pa Copy. Odziwa FFmpeg alembe -c copy. Apa vidiyo imangosamutsidwa osafinyidwanso, n'chifukwa chake imatha m'masekondi ochepa. Mukaona laputopu ikutentha, mzere ukukwawa ngati nkhono, imitsani, ikufinyanso imeneyo. Chenjezo ndi lakuti mpeni uyenera kugwera pa keyframe, chithunzi chathunthu chimene zotsatira zake zimatsamira. Mukadula pakati, chiyambi chimauma kapena kusweka. Lolani kudulako kuphonye ndi sekondi imodzi, palibe mkwati adzadandaule. Ndibwereze: kudula chabe, Copy basi.

Mukafuna kuika mayina pa chithunzi kapena kusintha mtundu, kufinyanso sikuthawika. Pamenepo chitani export kamodzi kokha kuchokera ku fayilo yoyamba, kukula ndi mafelemu zikhale zomwezo: 1080p ya mafelemu 30 ituluke yomweyo, bitrate, kuchuluka kwa data pa sekondi, isatsike. Mwapeza dzina lolakwika? Bwererani ku pulojekiti, osakonza pa imene yatuluka kale.

Ena amalangiza kuti sankhani 4K ziwale. Bodza limenelo. Chotayika sichibwerera, fayilo imangonenepa. Ena amati Facebook ndi YouTube zimafinyabe, ndiye tivutikirenji? Ndiye chifukwa chake muzipatse yabwino, popeza fotokope ya fotokope siwerengeka. Dandaulo la mabandulo a MTN ndi Airtel lokha ndilo lomveka. Pangani kope laling'ono limodzi la pa intaneti, lochokerabe ku pulojekiti, koma eni ukwati muwapatse yaikuluyo pa fulashi, kapena muitumize pa WhatsApp ngati Document kuti isafinyidwenso.