Nthaka imodzi, mvula imodzi, koma mabelo osiyana: sayansi ikuti chiyani za mamanijala?

Ndili mwana, bambo anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya wa burley m'chidikha cha Kasungu. Tsidya lina la msewu kunali esiteti inanso. Nthaka inali imodzimodzi, mvula ikagwa tonse tinkanyowa. Koma pa okushoni, mabelo a anzathu aja ankagulidwa bwino, athu ena n'kubwezedwa. Chaka china, atachotsera ngongole ya chimanga ndi feteleza, bambo anangotsala ndi ndalama ya mchere basi. Ine fizi inasowa.

Nditakula ndinazindikira kuti panali kusiyana kwa mamanijala. Wathu anali wanzeru ndithu, masamu ankachita pamutu. Vuto lake, samafuna kuuzidwa. Kapitawo akanena kuti chigafa chikudontha, iye ankati, "Fodya ndinayamba kulima iwe usanabadwe." Wa tsidya uja ankayenda ndi kope. Ankalemba tsiku lofesa nazale, matumba a feteleza otuluka, ndi belo lililonse lobwezedwa pamodzi ndi chifukwa chake.

Kodi khalidwe lingayezedwe?

Inde. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu amagawa khalidwe m'mbali zisanu zotchedwa Big Five: kukonda zatsopano, khama ndi dongosolo, kumasuka ndi anthu, kugwirizana ndi ena, komanso kudekha mtima. Pa zisanuzi, khama ndi dongosolo ndi lomwe limayendera limodzi ndi kugwira bwino ntchito pafupifupi pa ntchito iliyonse. Nzeru zimathandiza kuphunzira msanga ndi kuwerengera phindu, koma khalidwe ndi limene limachititsa munthu kuzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mu 2005, Ulrike Malmendier ndi Geoffrey Tate anaonetsa kuti akuluakulu a makampani odzidalira mopyola muyeso amakonda kuthira ndalama zambiri m'ntchito zatsopano kampani ikangopeza ndalama.

Tidziwa bwanji kuti si mwayi chabe?

Apa mpomwe sayansi imakoma. Maesiteti awiri angawa si umboni wokwanira. Mwina ina inali ndi madzi pafupi. Pamafunika kuyesa monga mumachitira mu labu: gulu lina lilandire chinthu, lina ayi. Nicholas Bloom ndi anzake anachita izi m'mafakitale oluka nsalu pafupi ndi Mumbai ku India. Ena anathandizidwa kulemba zowonongeka, kusamala makina ndi kuwerenga katundu. Zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti ntchito inakwera ndi 17 peresenti m'chaka choyamba.

Ku Lomé, m'dziko la Togo, ofufuza anagawa amalonda ang'onoang'ono 1,500 m'magulu atatu. Omwe anaphunzitsidwa kuyamba okha zinthu, kuoneratu mavuto ndi kusagwa ulesi, phindu lawo linakwera ndi 30 peresenti, kuposa omwe anaphunzira zamalonda mwachizolowezi. Izi zinatuluka m'magazini ya Science mu 2017.

Ndiye musamati, "Ine ndinabadwa choncho." Zizolowezi za manijala wabwino zimaphunzirika.

Yesani izi

Kwa sabata ziwiri, lembani m'kope nthawi yomwe mwawerenga ndi mafunso omwe mwalakwa, pamodzi ndi chifukwa chake. Kenako funsani mnzanu akuuzeni pomwe mumafooka, ndipo musamudule mawu. Ngati kwanu mumalima fodya, funsani makolo kuti belo lomaliza kubwezedwa ku Chinkhoma linalakwa chiyani, ndipo ndani analemba.